Lipoti la kagologolo kouluka kamasiye: kuchokera pa magalamu 14 kufikira kubwerera kunkhalango

Kagologolo kamene lipotili likunena kanafika m'manja mwanga madzulo ena kumayambiriro kwa Seputembala, kali m'bokosi la nsapato loyalidwa thaulo. Ndimasamalira tinyama takutchire tovulala ndi tamasiye m'chigwa cha Shenandoah, m'chigawo cha Virginia ku United States, ndipo ntchitoyi ndimaigwira ndi chilolezo cha Department of Wildlife Resources, nthambi ya boma yoona za nyama zakutchire, popeza kuno munthu wamba saloledwa kusunga nyama yakutchire pakhomo ngakhale atakhala ndi mtima wabwino chotani. Ndalemba nkhani ya kamwanaka mwatsatanetsatane chifukwa kanandionetsa bwino lomwe kuti kunenepetsa mwana wamasiye wa nyama imeneyi ndi ntchito ina, ndipo kumukonzekeretsa kuti akakhale ndi moyo kutchire ndi ntchito inanso, yaitali kuposa yoyambayo.

Nyamayi akatswiri amaitchula kuti Glaucomys volans. Ndi gologolo wamng'ono wa nkhalango za kum'mawa kwa North America, amene akakula amalemera magalamu apakati pa 50 ndi 85. Ngakhale timamutcha wouluka, sakupiza mapiko ngati mbalame kapena mleme. Ali ndi chikopa chopyapyala chimene chimayambira pamkono kufika pakakolo mbali zonse ziwiri, ndipo akadumpha kuchokera pamwamba pa mtengo amatambasula miyendo yonse inayi, chikopacho chimakungika, iye nkuyandama motsetsereka mpaka pa thunthu la mtengo wina. Amayenda usiku wokha, amagona m'mphako, makamaka zimene anaboola agogomole, ndipo amabereka kawiri pa chaka, chakumapeto kwa nyengo yozizira ndi chakumapeto kwa nyengo yotentha. Kamwana kathu kanali ka m'badwo wachiwiriwo, ndipo mfundo imeneyi ndiyo inadzalamulira zonse zimene ndinasankha pambuyo pake.

Mmene kanapezekera

Banja lina linaitana anthu odula mitengo kuti achotse mtengo wouma wa oak umene unkaopseza denga la nyumba yawo. Mtengowo utagwa ndi kudulidwa zidutswa, mayi wa pakhomopo anapeza tiana tiwiri m'udzu pafupi ndi chipika chimene chinali ndi mphako. Anatitengera m'nyumba, natisunga masiku awiri akutidonthezera mkaka wa ng'ombe pakamwa. Kamodzi kanafa usiku wachiwiri, ndipo m'mawa mwake ndi pamene anayamba kufunafuna thandizo.

Sindimawaimba mlandu mayiwa, chifukwa anachita zimene munthu aliyense wachifundo amaganiza kuti nzoyenera. Komabe ziyenera kulembedwa kuti mwayi waukulu wa tianati unatayika tsiku loyamba lenilenilo. Gologolo wouluka wamkazi amakhala ndi zisa zina zapadera, ndipo chisa chimodzi chikawonongeka amabwera usiku kudzanyamula ana ake pakamwa mmodzimmodzi. Tianato tikanaikidwa m'kabokosi kofunda, nkukapachika pamtengo wapafupi dzuwa litangolowa, mwina make akanatitenga usiku womwewo. Pamene kotsalako kanafika kwa ine, chipika chinali chitachotsedwa, masiku awiri anali atapita, ndipo kamwanako kanali kofooka kwambiri moti sindikanakagoneka panja usiku wonse kudikira make amene mwina anasamuka kale.

Zimene ndinapeza pokapima

Kanali kakakazi, kolemera magalamu 14. Msana ndi mutu zinali ndi ubweya waufupi, pamimba panali pasanamere ubweya wokwanira, maso anali otseka, ndipo mano akutsogolo a m'munsi anali atangotuluka. Poona zizindikiro zimenezi ndinakaika pa msinkhu wa masabata pafupifupi atatu, popeza ana a nyamayi amabadwa olemera magalamu 3 mpaka 5 ndipo amatsegula maso ali ndi masabata pafupifupi anayi. Thupi linali lozizira m'manja. Nditatsina chikopa cha pakati pa mapewa, chinakhalabe choimirira osabwerera msanga, kusonyeza kuti madzi m'thupi anali atachepa kwambiri. Mimba inali yotupa, ndipo kumchira kunali kutamatirira chimbudzi chamadzimadzi chachikasu. Ndinatambasula chikopa choyandamira mbali zonse ziwiri pa kuwala kwa nyali, ndipo sindinapeze pong'ambika. Miyendo yonse inkagwira chala changa, ndipo panalibe bala la mano a mphaka, chinthu chimene ndimachifufuza mosamala chifukwa mabakiteriya a m'kamwa mwa mphaka amapha tinyama totere m'masiku ochepa ngakhale bala likhale losaoneka bwino.

Ndinachotsa nthata zitatu ndi kachisa kopesera, nditavala magolovesi. Apa mpofunika kusamala kwenikweni. Kuyambira m'zaka za m'ma 1970 zinadziwika kuti gologolo wa mtundu umenewu amasunga kachilombo ka Rickettsia prowazekii, kamene kamayambitsa matenda a typhus mwa anthu, ndipo nthata ndi nsabwe zake zimaganiziridwa kuti ndizo zimakafalitsa. Matendawa sagwira anthu kawirikawiri, koma ndinalangiza banja lija kuti lichape thaulo ndi zovala m'madzi otentha, ndiponso kuti wina akamva malungo ndi mutu m'masabata awiri otsatira akauze dokotala kuti anagwira nyamayi.

Kutentha, kenaka madzi, kenaka mkaka

Ola loyamba sindinakapatse kanthu kalikonse pakamwa. Kanyama kozizira sikagaya chakudya, ndipo mkaka umene ungalowe m'mimba yozizira umangosasa mmenemo. Ndinakaika m'kabokosi kapulasitiki kokhala ndi tinsalu tofewa topanda ulusi wolendewera, theka la kabokosiko lili pa chofunditsira chamagetsi chotsitsidwa mphamvu, kuti m'chisa mufike madigiri pafupifupi 32 koma pakhale mbali yozizirirapo yoti kathawireko kakatenthedwa. Katafunda ndi kuyamba kudzipinda kokha, ndinakabaya madzi akuchipatala obwezeretsa madzi m'thupi, otchedwa Lactated Ringer's, ofunditsidwa pansi pa chikopa cha pamapewa, motsatira muyeso umene dokotala wa zinyama amene ndimagwira naye ntchito anandipatsa. Usiku wonsewo kanamwa Pedialyte yekha, madzi akumwa obwezeretsa madzi ndi mchere m'thupi, timadontho tochepa maola awiri aliwonse. Madzi amenewa sindiwapitiriza kuposa tsiku limodzi chifukwa cha mchere umene uli mmenemo.

Kutacha kanakodza mkodzo wochepa wachikasu kwambiri, ndipo pamenepo ndinadziwa kuti impso zikugwira ntchito. Kamwana ka msinkhu umenewu sikadzithandiza kokha. Make amakanyambita kumaliseche kuti kakodze ndi kuchita chimbudzi, choncho wosamalira amachita zomwezo ndi kathonje konyowetsa m'madzi ofunda nthawi iliyonse kakatha kudya, kufikira maso atatseguka.

Mkaka ndinagwiritsa ntchito waufa wopangidwira ana a nyama, wotchedwa Fox Valley 32/40, gawo limodzi la ufa ku magawo awiri a madzi, wosakanizidwa maola angapo nthawi yodyetsa isanafike kuti ufawo usungunuke bwino. Chifukwa cha kutsekula m'mimba kuja sindinayambe ndi mkaka wamphamvu yonse. Ndinayamba ndi wosukuluka kwambiri, nkumauonjezera mphamvu pang'onopang'ono, ndipo unafika pa mphamvu yake yeniyeni tsiku lachitatu. Muyeso wake ndi magawo 5 pa 100 a kulemera kwa thupi pa chakudya chilichonse, ndiye kuti kamwana ka magalamu 14 kamamwa mamililita 0.7, maola atatu aliwonse, usana ndi usiku. Ndinkakayeza pa sikelo m'mawa uliwonse kasanadye, nkuwerengeranso muyesowo, chifukwa pa thupi laling'ono chotere galamu imodzi imasintha zinthu. Pofika tsiku lachinayi chimbudzi chinali chitauma nkukhala timibulu tachikasu, mimba itaphwa, ndipo sikelo inawerenga magalamu 16.

Chibayo cha tsiku lachisanu

Vuto lalikulu la nkhani yonseyi ndinalichititsa ndine. Pa chakudya cha 3 koloko usiku wa tsiku lachisanu ndinagwiritsa ntchito sirinji ya mililita imodzi imene inali itachapidwa kambirimbiri, ndipo chokankhira chake chinali chitayamba kukakamira. Kamwanako, kamene tsopano kanali ndi njala ndi mphamvu, kanayamwa mwamphamvu, chokankhiracho chinaterereka mwadzidzidzi, ndipo mkaka unatuluka m'mphuno ngati thovu. Ndinakazondotsa mutu pansi nthawi yomweyo nkupukuta mphunozo, koma madzulo a tsiku lotsatira kanakana kuyamwa, kanafooka, ndipo nditakaika pakhutu ndinamva kaphokoso koti thethethe pa mpweya uliwonse, pokoka ndi potulutsa pomwe. Chimenecho ndi chizindikiro cha chibayo chobwera chifukwa cha mkaka wolowa m'mapapo, ndipo sichilola kudikira mpaka m'mawa. Dokotala analemba mankhwala opha mabakiteriya usiku womwewo, akumwa ndi kadontho koyezedwa molingana ndi kulemera kwake.

Masiku awiri kanatsika kufika pa magalamu 15, ndipo ndinabwerera ku tizakudya tochepa topatsidwa pafupipafupi. Tsiku lachitatu la mankhwala phokoso lija linachepa, kanayambanso kufunafuna nsonga ya sirinji, ndipo mankhwalawo tinawamaliza onse monga analembedwera. Kuchokera pamenepo ndinasintha zinthu zitatu pa kachitidwe kanga. Pa kanyama kalikonse kosafika magalamu 20 ndimagwiritsa ntchito sirinji ya theka la mililita. Sirinji ikangoyamba kukakamira ndimaitaya. Ndipo podyetsa chala changa chimagwira chokankhira kuti chibweze m'mbuyo liwiro la mkaka, kanyamako kali chafufumimba, mutu uli m'mwamba pang'ono, nsonga ikuloza kumwamba kwa m'kamwa. Ndinapemphanso mnzanga wa ntchito kuti azitenga chakudya chimodzi cha usiku kawiri pa sabata, popeza kutopa kunathandizira kuti ndisaone vuto la sirinji ija msanga.

Maso, mano ndi mafupa

Diso lakumanja linatseguka tsiku la 10, lakumanzere tsiku lotsatira, kali ndi magalamu 19. Ubweya wa pamimba utamera mokwanira ndinauuzira mpweya kuti ndione tsinde lake, ndipo unali woyera mpaka pakhungu. Ichi chinatsimikiza kuti ndi Glaucomys volans, chifukwa m'bale wake wa kumpoto, Glaucomys sabrinus, ali ndi ubweya wa pamimba wotuwa kutsinde. Ndinasinthira pang'onopang'ono ku mkaka wina wa Fox Valley, wotchedwa 20/50, umene uli ndi mafuta ochuluka, nkuyamba kutalikitsa nthawi yodyetsa.

Gawo la kuletsa kuyamwa ndilo limene anthu osunga nyamazi mobisa amalakwitsa kwambiri, ndipo zotsatira zake ndaziona kangapo patebulo langa. Gologolo amakonda mtedza ndi mbewu za mpendadzuwa kuposa china chilichonse, koma zakudya zimenezi zili ndi phosphorus wambiri ndi kashiamu wochepa. Thupi likasowa kashiamu m'chakudya limamuchotsa m'mafupa, ndipo mafupawo amafewa mpaka kanyama kamayamba kukoka miyendo yakumbuyo, kuthyoka popanda kugwa, kapena kukomoka. Chakudya chonse chiyenera kukhala ndi kashiamu wochuluka pafupifupi kawiri kuposa phosphorus. Pa chifukwa chimenechi chakudya cholimba choyamba chimene kanachiona chinali timibulu ta fakitale topangidwira makoswe ndi agologolo, ndipo sindinakaonetse mtedza uliwonse kufikira katazolowera timibuluto. Pambuyo pake ndinaonjezera masamba obiriwira, bowa, tizidutswa ta apulo, nthambi za oak ndi maple zokhala ndi makungwa ake, kachidutswa ka nyanga ya gwape kotafuna, ndi mphutsi zouma zowazidwa ufa wa kashiamu, popeza kutchire nyamayi imadyanso tizilombo ndi mazira a mbalame. Mkaka sindinauletse mokakamiza. Kanausiya kokha kali ndi masabata pafupifupi 10, kakulemera magalamu 48.

Vuto la kukhala kokha

Pa msinkhu wa masabata asanu ndi limodzi kamwanako kanali kathanzi, koma ndinayamba kuda nkhawa ndi khalidwe lake. Ndikatsegula khola kankathamangira padzanja langa, nkulowa m'manja mwa malaya ndi kugona mmenemo. Agologolo ouluka amazolowera munthu msanga kuposa agologolo ena amene ndawasamalirapo, ndipo kuzolowera kumeneku nkokoma kwa wosamalira, ndikuvomereza, koma nyama imene imathamangira munthu idzathamangiranso pakhonde pamene pali mphaka. Komanso kanyama koleredwa kokha sikaphunzira kugona ndi anzake m'chisa chimodzi, ndipo kwa mtundu umenewu kugona pamodzi ndiko kumapulumutsa moyo. Gologolo wouluka sagona tulo ta nyengo yonse yozizira monga nyama zina za kuno. Amakhalabe maso, thupi lake nlaling'ono ndipo limataya kutentha msanga, choncho chisanu chikafika amasonkhana m'mphako imodzi, nthawi zina khumi kapena kuposerapo, nkumafunditsana.

Ndinaimbira anzanga a ntchitoyi m'madera oyandikana nafe mpaka ndinapeza tiana tiwiri, kakamuna ndi kakakazi, tokulirapo ndi sabata imodzi. Tianato tinakhala m'khola lapadera masabata awiri kuti ndione ngati tili ndi matenda, makola awiriwo ali moyandikana, ndipo ndinkasinthanitsa tinsalu ta m'zisa kuti fungo lizolowereke. Usiku woyamba titaphatikizidwa m'khola latsopano lokhala ndi mabokosi awiri a chisa, kathu kaja kanagona kokha. Usiku wachitatu ndinapeza tonse titatu m'bokosi limodzi. Kuyambira tsiku limenelo ndinasiya kukagwira kupatula pokayeza kamodzi pa sabata, ndinasiya kulankhula m'chipindamo, ndipo chakudya ndinkaika madzulo tianato tisanadzuke. Patapita mwezi umodzi kanayamba kuthawira m'bokosi kakamva mapazi anga, ndipo ndinazilemba m'kaundula monga kupita patsogolo kwakukulu kuposa kulemera kulikonse kumene sikelo inandionetsapo.

Chifukwa chake sindinawamasule mu Novembala

Pofika pakati pa Novembala agologolo atatuwa anali ndi magalamu apakati pa 55 ndi 62, akuyandama kuchokera ku ngodya ina ya khola kufika ku inzake, ndipo pongoona thupi akanatha kumasulidwa. Ndinasankha kuwasunga mpaka nyengo yozizira itatha, ndipo chisankhochi chili ndi mtengo wake: miyezi ina isanu m'khola imafooketsa minofu, imaonjezera mwayi wa matenda, ndipo imatseka malo amene nyama ina yovulala ikanawagwiritsa ntchito. Koma gologolo wakutchire amakhala atatha Seputembala ndi Okutobala yense akubisa mtedza wa oak ndi wa hickory m'ming'alu ya makungwa ndi pansi pa masamba, akudziwa mphako zingapo za m'dera lake, ndipo ali kale m'gulu logona nalo. Atatu athuwa analibe nkhokwe, sankadziwa mtengo ndi umodzi womwe, masamba anali atayoyoka moti kadzidzi akanawaona mosavuta, ndipo usiku madzi anali atayamba kuundana. Mwana woleredwa ndi make amalowa m'nyengo imeneyi ali m'chisa cha make, ndipo zimenezo ine sindikanawapatsa.

Ndinawasamutsira m'khola lapanja, lalitali mamita 2.4, lotchingidwa ndi waya wamaso ang'onoang'ono kuti njoka ndi nyama zina zisalowe, lofoleredwa mbali imodzi. Bokosi lawo la chisa linali lathabwa lochindikala, khomo lake la masentimita pafupifupi 3, lokwanira iwo koma lochepera gologolo wamkulu wotuwa. Sindinaikemo chotenthetsera chilichonse, kuti ubweya wawo uchindikale molingana ndi nyengo. Ndinkawapatsa makungwa a cedar ndi masamba ouma kuti aziyala okha chisa, ndipo mtedza wosasenda ndinkaumwaza m'malo osiyanasiyana kuti azifufuza ndi kubisa. Madzi ndinkasintha madzulo aliwonse chifukwa ankaundana. Mu Januwale, usiku umene kunazizira kwambiri, ndinaika dzanja pathabwa la bokosilo m'mamawa ndipo linali lofunda pang'ono ndi kutentha kwa matupi awo.

Kumasula

Ndisanawamasule ndinkafuna kuona zinthu zingapo ndi maso anga, pogwiritsa ntchito nyali yofiira imene siwasokoneza: kuti aliyense amadzuka mdima ukagwa osati masana, amayandama ndi kutera molunjika pathunthu mutu uli m'mwamba, akangotera amathamangira kuseri kwa thunthulo monga amachitira akutchire pozemba kadzidzi, ndipo amaboola yekha mtedza wa hickory. Chigoba cha hickory ncholimba kwambiri, ndipo gologolo wouluka amachiboola bowo limodzi losalala m'mphepete. Wathu uja ndiye anachedwa pa atatuwa. Zigoba zake zoyamba zinali zokukutidwa paliponse popanda kufika mkati, ndipo anadzakhoza bwino mu Febuluwale.

Malo ndinawasankha mosamala. Ku Virginia gologolo wa kumpoto uja amapezeka m'nkhalango zochepa za pamwamba pa mapiri, monga ku Highland County ndi kuzungulira Mount Rogers, ndipo ndi wosowa. Wa kumwera amanyamula njoka ya m'mimba yotchedwa Strongyloides robustus, imene iye amapirira nayo koma imavulaza wa kumpotoyo, ndiponso amamulanda mphako. Choncho sindikanawatengera kumapiri ngakhale nkhalango za kumeneko ndi zokongola. Ndinapeza nkhalango ya m'chigwa ya mitengo ikuluikulu ya oak ndi hickory, makilomita ochepa kuchokera kumene wathu uja anabadwira, yokhala ndi mitengo youma yoimirira, kamtsinje, ndiponso zigoba zobooledwa pansi zosonyeza kuti anzawo alipo kale. Mwini malowo anavomera, ndipo alibe mphaka.

Chakumapeto kwa Epulo, masamba ataphuka ndipo usiku utasiya kuundanitsa madzi, ndinawayeza komaliza. Wamkazi wathu anali ndi magalamu 66. Masana, onse ali m'tulo, ndinatseka khomo la bokosi lawo ndi nsalu, ndinalinyamula momwemo ndi chisa chawo, nkukalikhomera pamtengo wa oak mamita 4 kuchokera pansi, ndi bokosi lina lopanda kanthu pamtengo wapafupi. Dzuwa litalowa ndinachotsa nsaluyo nkuchokapo. Kamera imene ndinamangirira pamtengo woyang'anana nalo inawajambula akutuluka mmodzimmodzi patapita pafupifupi mphindi 40, ndipo onse atatu anabwerera m'bokosimo kusanache. Ndinapitiriza kuika timibulu ndi mtedza pa kathandala ka pamtengopo masabata atatu, ndikuchepetsa pang'onopang'ono. M'sabata yachiwiri kamera inaonetsa agologolo anayi pa kathandalako usiku umodzi, kusonyeza kuti mmodzi wa akutchire anali atayamba kudya nawo popanda ndewu. M'sabata yachinayi bokosi loyamba ndinalipeza lopanda kanthu masana, ndipo m'bokosi lachiwiri munali makungwa atsopano ong'ambidwa ndi zigoba zisanu za hickory zobooledwa bwino. Mabokosi onse awiri ndinawasiya pamitengopo, ndipo fayilo ya nyamayi ndinaitseka kumapeto kwa Meyi.